Kukonzanso logo ndi webusaiti ya gallery yaing'ono, kuyambira pachidindo mpaka pafoni

Gallery ili ndi vuto limene sitolo ya simenti ilibe: katundu wake ndi wokongola kale. Logo yanu izikaima pafupi ndi ntchito za anthu amene amadyera mitundu ndi mizere, ndipo ikayamba kulimbana nazo imagonja, n'kusokonezanso maso a wogula. Webusaiti nayonso ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake malangizo ali m'munsiwa onse akukankhira mbali imodzi: logo ndi webusaiti zikhale zofatsa, zopepuka, ndiponso zoti mwini gallery azitha kuzisamala yekha wokonza uja akalandira zake n'kupita. Ndikulankhula ndi inu amene muli ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri ku Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena kunyanja, ndipo mumagulitsa zojambula, ziboliboli, mbiya ndi batik za aluso ochepa amene mumawadziwa maina.

Choyamba: pezani makiyi a zakale

Musanaitane wokonza aliyense, fufuzani kuti domain ya webusaiti yanu yakale, kutanthauza dzina la adiresi yake pa intaneti, inalembetsedwa m'dzina la ndani. Kawirikawiri webusaiti ya malo ang'onoang'ono amakonza ndi mphwanu, mnzanu wa kutchalitchi, kapena mlendo wongodzipereka amene anabwerera kwawo kalekale, ndipo imelo imene analembetsera ndi yake. Ngati zili choncho, mufunefuneni lero lomwe kuti asamutsire domain ku imelo ya gallery. Domain ikatha nthawi osalipiridwa imadzagulitsidwa kwa aliyense woifuna, ndiye makadi onse amene munagawa aja azilozera kwa eni ena. Chitaninso chimodzimodzi ndi tsamba la Facebook, la Instagram ndi malo anu pa Google Maps: mwini gallery akhale admin wamkulu, ena onse akhale othandiza chabe.

Mukatero, unjikani patebulo limodzi chilichonse chimene chili ndi logo yakale: chidindo, buku la malisiti, makadi, zikwama zapepala, timapepala ta mitengo, chithunzi cha chikwangwani cha panja. Muona msanga kuti logo yanu nthawi zambiri imakhala yaing'ono komanso ya inki imodzi, osati yaikulu ndi yowala ngati momwe imaonekera pa kompyuta ya wokonza. Muonanso chimene anthu amakudziwirani. Ngati a kabaza amalondolera alendo kuti "paja pali chitseko chobiriwira", mtundu wobiriwirawo ndi chuma chimene munachipeza m'zaka zambiri, musautaye chifukwa chongofuna zatsopano.

Chachiwiri: werengani mafunso a pa WhatsApp

Tsegulani mauthenga a miyezi ingapo yapitayi muone zimene anthu amafunsa. Muli pati? Mumatsegula Lamlungu? Ichi ndi ndalama zingati? Kukula kwake n'kotani? Mungatumize ku Johannesburg? Mafunso amenewa ndiwo mndandanda wa zoyenera kukhala pa webusaiti. Onaninso amene amafunsa. Mlendo wochokera kunja amene watsala ndi tsiku limodzi amafuna njira ndi nthawi yotsegulira. Mmalawi wa ku London wofuna chithunzi cha Mulanje pabalaza pake amafuna mtengo ndi katumizidwe. Wogulira hotela kapena ofesi amafuna kudziwa ngati mungampezere zojambula khumi zogwirizana. Lembani anthu amenewa papepala limodzi, mumupatse wokonza.

Chachitatu: logo

Yambani ndi dzina lolembedwa bwino. Logo ya gallery ili ngati fulemu ya chithunzi: ikakhala yokometsera kwambiri, anthu amayang'ana fulemu n'kuiwala chojambula. Dzina lolembedwa ndi zilembo zabwino, zotalikirana moyenera, nthawi zambiri limakwanira. Kachizindikiro kapambali kabwere pokhapokha ngati kali ndi chonena.

Pali zithunzi zimene aliyense amathamangira: dzuwa lotuluka, mlambe, mapu a Africa, burashi yopingasa. N'zokongola, koma zili kale pa malo ogona alendo, pa makampani oyendetsa alendo ndi pa mabungwe osawerengeka, ndiye sizinena chilichonse chokhudza inu. Yang'anani pafupi. Mwina ndi kapangidwe ka zenera la nyumba yanu, mizere imene woumba mbiya wanu wamkulu amalemba pakhosi pa mtsuko, kapena kasainidwe ka amene anayambitsa gallery. Mbendera ndi chizindikiro cha boma zisiyeni, popeza pali lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act loletsa kuzigwiritsa ntchito pa malonda popanda chilolezo.

Pa zachikhalidwe pamafunika kudekha. Anthu ambiri amakopeka ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni, m'boma la Dedza, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Kumeneko kuli malo 127, ndipo zina mwa zojambulazo, makamaka zoyera, n'zokhudza chinamwali ndi Nyau. Gule Wamkulu nayenso si chokongoletsera wamba. Kuika nkhope ya chilombo pa chikwama chimene wogula akachitaya m'bini si nkhani yaing'ono kwa eni mwambo. Ngati mtima wanu uli pamenepo, kambani kaye ndi akuluakulu odziwa, kapena pitani ku Chamare Museum ku Kungoni, pa Mua, mukaone tanthauzo la chimene mukufuna kubwereka. Ine ndimalangiza kutengako kayendedwe ka mizere kokha, chilombo n'kuchisiya kudambwe.

Wokonza ayambe ndi pensulo, ndipo akubweretsereni maganizo awiri kapena atatu akuda papepala loyera, opanda mtundu uliwonse. Mitundu imanyenga: munthu amasankha logo yofooka chifukwa choti yofiirayo yamusangalatsa. Mukasankha imodzi, iyeseni m'malo atatu ovuta.

Poyamba pachidindo. Isindikizeni yaing'ono ngati ndalama yachitsulo, kenako muipange fotokope. Timizere topyapyala timasowa, ndipo mabowo a zilembo ngati a ndi e amatsekeka ndi inki. Zikatero, wokonza anenepetse mizere ndi kutalikitsa zilembo.

Kenako pafoni. WhatsApp, Facebook ndi Instagram zimadula chithunzi cha mwini tsamba kukhala chozungulira, choncho dzina lalitali limadukira mbali zonse ziwiri. Mufunika logo yachidule ya pamenepa, mwina chilembo choyamba kapena kachizindikiro kokha. Yomweyo ndi imene idzakhale favicon, kachithunzi kaja kamaoneka pamwamba pa browser.

Pomaliza kwa wolemba zikwangwani. Mupatseni pepala, mumufunse ngati angailembe pakhoma ndi penti ya m'chitini. Akayamba kukanda m'mutu chifukwa cha mitundu yosungunukirana kapena mithunzi, logoyo ndi yovuta, ndipo idzavutanso kwa wopeta malaya ndi wosema chikwangwani chathabwa.

Ikapambana mayeso amenewa, sankhani mtundu umodzi wothandizana ndi wakuda ndi woyera. Wokonza akulembereni manambala ake: HEX ya pa webusaiti ndi CMYK ya kwa osindikiza. Popanda manambalawa, wosindikiza aliyense azikupatsani mtundu wobiriwira wakewake. Dziwaninso kuti mtundu wowala pa sikirini umazilala papepala, ndiye musanalamule makadi ambiri pemphani kuti muone kaye khadi limodzi. Pa zilembo, font imodzi kapena awiri akwana. Pa Google Fonts alipo ambiri aulere amene amaloledwa pa malonda. Musanasankhe, lembani mawu oti Malaŵi ndi ng'oma muone ngati ŵ akutuluka bwino, chifukwa mafont ena alibe chilembo chimenechi ndipo pamangobwera kabokosi.

Mawu awiri pa Canva, pulogalamu ya pa intaneti yokonzera zithunzi. Ndi yothandiza popanga zolengeza za chionetsero, koma malamulo ake salola kulembetsa ngati trademark (chizindikiro cha malonda chotetezedwa ndi lamulo) logo yopangidwa ndi zithunzi za m'nkhokwe yawo, popeza wina aliyense angathe kutenga chomwecho. Amene alibe ndalama ya mapulogalamu olipira agwiritse ntchito Inkscape, yaulere, imene imatulutsa mafayilo a vector, okula osaphwanyika.

Musamalize kulipira musanalandire mafayilo awa: SVG ndi PDF, amene amakula mpaka kukwana khoma osaphwanyika, ndi PNG yopanda mtundu kumbuyo, yakuda ndi yoyera. JPG yotumizidwa pa WhatsApp si logo, ndi chithunzi cha logo. Mulemberanenso kalata yachidule yonena kuti umwini wa logoyo wapita kwa gallery. Inu amene mumakhalira kuteteza ntchito za aluso mukudziwa kuti wokonza logo nayenso ndi waluso. Mukafuna kuteteza dzina ndi logo mwalamulo, trademark imalembetsedwa kuboma motsatira Trademarks Act ya 2018.

Chachinayi: zithunzi za katundu

Apa ndi pamene webusaiti ya gallery imapambanira kapena kugwa, ndipo ndi ntchito imene eni ake amaisiyira tsiku lomaliza. Yambani msanga, wokonza asanaike ngakhale tsamba limodzi.

Foni yabwinoko ndi yokwanira. Pukutani diso la kamera ndi kansalu. Tulutsani chojambula pakhonde pomwe pali mthunzi, m'mawa kapena tsiku la mitambo, osati padzuwa komanso osati pansi pa babu la m'nyumba limene limachititsa zoyera kuoneka zachikasu. Flash izimitseni. Chikolekeni chojambulacho chilili, inu muime moyang'anizana ndi pakati pake penipeni, foni isapendekere kutsogolo kapena kumbuyo. Mukaona kuti m'mwamba mukuoneka mopapatiza kuposa m'munsi, ndiye kuti mwapendeketsa. Bwererani m'mbuyo pang'ono n'kukoka chithunzi ndi zoom ya 2x ngati foni yanu ili nayo, chifukwa kuyandikira kwambiri kumapinda m'mbali. Ngati chili m'galasi, chichotseni, apo ayi mudzajambula nkhope yanu ndi mtengo wa mango uli kumbuyo kwanu. Ikani pepala loyera pambali pa chithunzi choyamba: likaoneka lobiriwira kapena lachikasu, mitundu yonse yasokonekera, ndipo wogula wa kutali adzalandira chosiyana ndi chimene anaona.

Ziboliboli za mtengo wakuda ngati phingo ndizo zovuta kwambiri. Mukaziika kutsogolo kwa khoma loyera, kamera imachepetsa kuwala ndipo chibolibolicho chimangooneka chimthunzi chopanda maso. Ikani nsalu yotuwa kumbuyo, kuwala kuchokere mbali imodzi, ndipo mbali inayo wina agwire katoni yoyera yobwezera kuwala. Pamenepo mizere ya sompho ndi mpeni imayamba kuoneka. Chiboliboli chilichonse chijambulidwe kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo. Pa zojambula, onjezani chithunzi chimodzi chapafupi choonetsa makulidwe a penti, ndi china chili pakhoma pafupi ndi mpando kuti munthu aone kukula kwake.

Potumiza kwa wokonza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa njira yachizolowezi ija imafinya chithunzi. Zithunzi zikuluzikuluzo sungani malo awiri, pa fulashi ndi pa Google Drive. Zopita pa webusaiti zichepetsedwe: mbali yaitali isapitirire mapikiselo 1600, ndipo fayilo ikhale pansi pa 300 KB, ya WebP kapena JPG. Webusaiti ya Squoosh imachita zimenezi mwaulere mu browser. Chithunzi chochoka m'kamera chimatha kulemera 5 MB, ndiye tsamba la zithunzi 20 zoterezi ladya 100 MB ya bandulo ya munthu. Sadzabweranso. Kuchepetsaku kumatetezanso aluso, popeza chithunzi chaching'ono sichisindikizika bwino chachikulu. N'chifukwa chake sindiona phindu lodinda dzina la gallery pakati pa chojambula: mumangowononga chimene mukugulitsa.

Musanaike ntchito ya waluso aliyense pa intaneti, mupempheni chilolezo cholembedwa, ngakhale cha mizere itatu. Kukhala ndi chojambula m'sitolo mwanu sikukupatsani ufulu wochisindikiza pa makalenda kapena pa malaya. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ojambula ndi osema, osati oimba okha, ndipo a COSOMA angakuunikireni pamene mukukayika.

Chachisanu: pomanga webusaiti

Funso lalikulu si lakuti njira yokongola ndi iti, koma lakuti muzilipira bwanji chaka ndi chaka ndipo azisintha ndani. Squarespace ndi Wix, njira zomangira webusaiti pa intaneti, n'zosavuta ndipo zili ndi maonekedwe oyenera zojambula, koma zimalipiridwa ndi khadi m'ndalama zakunja, ndipo nonse mukudziwa momwe forex imavutira. Khadi ikakana mwezi wolipira, webusaiti imazima. WordPress ndi yaulere, mumangolipira hosting, malo osungirapo webusaiti pa intaneti, ndipo alipo makampani a konkuno olandira makwacha. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna kusamalidwa: ma update azichitika, ndipo ma plugin, timapulogalamu toonjezera, akhale ochepa. Kwa gallery yopanda akaunti ya madola ine ndingasankhe WordPress ya theme (maonekedwe okonzeratu) yopepuka, yosagula.

Ngati domain yakale ilipo, isungeni. Ngati mukuyamba kumene, domain yothera ndi .mw amayang'anira a bungwe la Malawi SDNP, ndipo yothera ndi .com imapezeka kwa ogulitsa ambiri. Sankhani dzina loti mungalitchule pafoni munthu osafunsa kalembedwe. Adiresi iyambe ndi https. Satifiketi ya Let's Encrypt, imene imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https, ndi yaulere, ndiye wina asakulipiritseni modula pa chimenechi.

Chachisanu ndi chimodzi: masamba

Masamba asanu akwana: loyamba, la zogulitsa, la aluso, la zionetsero, ndi la momwe angakupezereni. Tsamba loyamba likhale ndi chojambula chimodzi champhamvu, chiganizo chimodzi chonena kuti ndinu ndani ndipo muli kuti, nthawi yotsegulira, ndi batani la WhatsApp, zonsezi zioneke pafoni munthu asanatsike pansi. Zithunzi zosinthanasinthana zokha, vidiyo yoyamba yokha ndi nyimbo zisiyeni. Kumbuyo kukhale koyera kapena kotuwa pang'ono, logo ikhale yaing'ono pakona.

Chojambula chilichonse chikhale ndi dzina la waluso, mutu, chaka, zipangizo, muyeso m'masentimita ndi mtengo, motere: akiliriki pa kanivasi, 60 x 90 cm, 2024. Pa mtengo anthu amatsutsana. Ena amabisa poopa kuti kwacha isintha kapena kuti opikisana nawo aona. Koma munthu wosazolowera kugula zojambula akaona mawu oti "funsani mtengo" amangoganiza kuti si za msinkhu wake, ndipo amachita manyazi kufunsa. Lembani mtengo, muziukonza pakafunika. Chikagulidwa musachichotse, ingolembani kuti chagulidwa. Zimaonetsa kuti malonda akuyenda, ndipo wina amapempha waluso yemweyo kuti amujambulire china.

Simufunika sitolo yonse ya pa intaneti yokhala ndi basiketi. Katundu wanu ndi mmodzimmodzi, ndipo ogula amafuna kulankhula ndi munthu. Pansi pa chojambula chilichonse ikani linki ya WhatsApp: wa.me/265 kenako nambala yanu popanda 0 woyamba. Wokonza angathe kuikiratu uthenga wokhala ndi mutu wa chojambulacho kuti musamafunse kuti "chiti?" Nenani poyera njira zolipirira, kaya Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki. Ogula akunja akachuluka, mudzaonjezere njira yolandirira makadi. Fotokozaninso katumizidwe: kanivasi imachotsedwa pathabwa n'kukulungidwa mu chubu, ndipo mtengo wotumizira umadalira dziko ndi kulemera.

Pa tsamba la aluso, pewani mawu aja akuti waluso wathu ndi waluso kwambiri ndipo amakonda chikhalidwe. Khalani naye pansi, mumufunse kumene anaphunzira, kumene amagula penti kapena mitengo, ndi chifukwa chake amabwerezabwereza kujambula amayi a pachigayo. Ndime imodzi ndi chithunzi chake ali pantchito zakwana.

Njira yofikira kwanu ilembeni monga momwe timalondolerana, kuonjezera pa mapu: mukadutsa filling station, khoterani kumanja, geti lachiwiri. Ngati ogula anu ambiri amawerenga Chingerezi, webusaiti ikhale ya Chingerezi, koma tsamba la momwe angakupezereni ndi zolengeza za zionetsero zikhalenso m'Chichewa, ndipo munene momveka kuti kulowa n'kwaulere ngati kulidi kwaulere. Anthu ambiri amadutsa pa gallery osalowa poganiza kuti ndi malo a azungu. Chichewacho alembe munthu, osati makina omasulira.

Chomaliza: kuyesa ndi kusamuka

Yesani pa foni ya Android yotsika mtengo, pa data, osati pa Wi-Fi ya wokonza. Perekani foniyo kwa munthu amene sanaonepo webusaitiyo, mumuuze kuti apeze nthawi yotsegulira Loweruka ndi mtengo wa chojambula chimodzi. Inu khalani chete, muzingoona pamene chala chake chikuzengereza. PageSpeed Insights ya Google ikuuzani zithunzi zimene zikulemetsa tsamba. Chithunzi chilichonse chikhalenso ndi alt text, mawu ofotokoza chimene chilipo, othandiza osaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera, ndiponso othandiza Google.

Ngati maadiresi a masamba asintha, wokonza aike 301 redirect kuchoka pa akale kupita pa atsopano, kuti malinki amene ali pa Facebook ndi m'mabuku a alendo asafe. Tsiku lotsegula, sinthani logo pa WhatsApp, Facebook, Instagram ndi Google Business Profile nthawi imodzi, ndipo onetsetsani kuti nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira n'zofanana paliponse. Chikwangwani ndi chidindo zisinthidwe sabata yomweyo. Malisiti ndi zikwama zakale musazitaye, zigwiritseni ntchito mpaka zithe.

Ndalama yomaliza ya wokonza muigwire kaye mpaka atakhala nanu pansi. Inuyo, ndi manja anu, ikani chojambula chatsopano, sinthani mtengo, lembani kuti china chagulidwa, ndipo tsitsani backup, iye akungoyang'ana. Njira zake zilembedwe papepala limodzi lomatidwa pafupi ndi kauntala, kuti wogulitsa wa Loweruka nayenso azitha. Pa pepala lomwelo lembanipo tsiku limene domain ndi hosting zimatha, ndipo muike alamu pafoni mwezi umodzi tsikulo lisanafike.